Madzi a Chidede ndi Chala cha a Pulifekiti

Sukulu yathu ya ku Mlonyeni ilibe labotale. Ili ndi kabati imodzi yokhoma, ndipo kiyi wake anasowa ife tisanabadwe. Choncho aphunzitsi a kemisitiri amaphunzitsira za kukhitchini. Tsiku la ma asidi anabwera ndi madzi ofiira a chidede. M'kapu yoyamba anafinyiramo ndimu, madzi anangowala psuu. M'kapu yachiwiri anadonthezamo chidulo, chomwechi amayi amaphikira therere, madzi aja n'kusanduka obiriwira. Kalasi inawomba m'manja, ndipo pofika Lachisanu inali itaiwala zonse. Ine ayi.

A pulifekiti athu aakulu kunalibe tsikulo, ati anali kumsonkhano. Anali mnyamata wandevu wa ku Mavwere, wokonda tayi yake ya upulifekiti kuposa mayi ake. Ngakhale posewera mpira sankavula. Anandigwaditsapo padzuwa chifukwa choseka ndekha.

Masiku amenewo phala la ku hositelo linkabwera lopanda shuga. Ophika ankalumbira kuti wina akuba. Wakubayo ine sindinkamudziwa, ndipo ndinalibe naye ntchito. Ndinkangofuna kuona ndevu zija zikunjenjemera.

Loweruka masana ndinaitanitsa anyamata kuseri kwa hositelo. Ndinati malume anga, otchona ku Zambia, andipatsa madzi ogwira akuba. Wosalakwa akaviika chala, madzi sasintha. Wakuba akaviika, aona yekha.

"Iwe, zaufiti pasukulu pano ayi," anatero a pulifekiti.

"Inde, akulu. Amene akuopa asaviike."

Anthu onse anawayang'ana. Anakonza tayi n'kunena kuti ayamba ndi anawa, iwo atsiriza.

Mankhwala safuna manja akuda, ndinatero, aliyense asambe kaye. Anyamata anasamba m'beseni limodzi, n'kumaviika m'tizitsekerero ta mabotolo mmene ndinathiramo chidede. Kufiira kokhakokha. Koma munthu wamkulu sasamba m'madzi a ana, kwathu sitinaleredwe choncho. A pulifekiti ndinawatengera jagi yawoyawo, ndinagwada bwinobwino n'kuwathirira, dzanja lina litagwira pamkono. Anakondwa nawo ulemuwo. M'jagimo munali chidulo chokhachokha.

Anaviika chala chikudontha. Biriwiri!

Kenako wina kumbuyo anati, "Mayo ine!"

Ndinkayembekeza kuti akana, atukwana, mwina andithamangitsa mpaka kumunda wa fodya. M'malo mwake anakhala pansi, pafumbi, ndi buluku losita.

"Sikuti ndimatenga wambiri," anatero. "Kapu imodzi basi. Komanso Lamlungu sinditenga."

Ine pakamwa yasa. Phokoso lomwe linabuka linadzutsa aphunzitsi a kemisitiri kunyumba kwawo, anabwera atavala patapata. Anayang'ana kachitsekerero, ananunkhiza jagi, kenako anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Nonsenu a Folomu 3 munali m'kalasi mwanga sabata yatha. Palibe ndi mmodzi yemwe wazindikira?"

"Sala, ndi za ku Zambia," anayankha wina.

Anagwira kumutu. Ndikhulupirira kuti zimenezi zinawapweteka kuposa shuga uja.

Lolemba pa asembule a hedi anawavula a pulifekiti tayi pamaso pa sukulu yonse. Khosi lawo tinaliona koyamba tsiku limenelo, linali lalitali ngati la nkhanga. Ine anandipatsa khasu kuti ndikumbe dzenje la zinyalala lofika m'chiuno, mlandu wake wausing'anga wopanda chilolezo. Ndinakumba ndikuimba mluzu, m'mimba muli phala lotsekemera.

Ndili m'dzenjemo, munthu uja anabwera n'kuima pamwamba panga, kolala ili pululu. Wina anali atamufotokozera za chidulo.

"Ndiye kuti madzi aja sankadziwa kanthu?"

"Olo pang'ono, akulu. Munawauza ndinu."

Anandiponyera dothi ndi phazi. Ndinaseka mpaka khasu linandigwera pachala.