Mbewu ya agogo ndi dziko la miyala yosungunuka

Ndikakumbukira agogo a Zuze, bambo awo a mayi anga, chimayamba kundifikira ndi fungo la mwaye wa m'khitchini mwathu ku Thambani, mmene ankapachika chimanga cha mbewu ndi makoko ake, chomangidwa chiwirichiwiri kudenga kuti utsi wa tsiku ndi tsiku uzichiteteza ku anankafumbwe. Sichinali chimanga chogula. Mbewu yake anabwera nayo m'thumba la malaya pothawa nkhondo ku Mozambique, ndipo chaka chilichonse ankasankha okha chopachika, akuchitembenuza ndi kuchinunkhiza ngati fodya. Wina akachikhudza, tsiku limenelo pakhomo panalibe mtendere.

Matenda awo anali wailesi. Ankaimangirira ndi mphira panthambi ya mtengo wa manachesi, iwo n'kukhala pansi pake akusema mipini, ndipo zonse zimene inkanena ankazikhulupirira, kenako n'kuwonjezerapo zawo.

Chaka chimene ndinali mu sitandade 5 mvula inachedwa. Novembala anafika pakati kumwamba kuli mbee, nthaka ikuwotcha mapazi, nkhuku zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe yopanda kanthu. Masana ena ndikutsuka mbale, wailesi inayamba kufotokoza kuti akatswiri a zakuthambo apeza dziko lina kutali kwambiri, lozungulira nyenyezi yake monga lathuli limazungulira dzuwa. Linali la miyala ngati lathu lomweli, koma loyandikana ndi nyenyeziyo moti miyala imasungunuka ngati phula, madzi kulibe, ndipo chaka chake chimatha tsiku lathu limodzi lisanathe.

"Chaka tsiku limodzi?" anatero agogo. "Ndiye ubzala liti, upalira liti?"

Ndinaseka, iwonso anaseka. Koma wolankhula pawailesiyo atawonjezera kuti mayiko ena otere mwina anayambira patali n'kumasendera pang'onopang'ono, agogo anaika kasemasema pansi n'kuzimitsa wailesi.

"Pronto," anatero m'Chipwitikizi, kutanthauza kuti basi. "Ndi zimene zikutichitikirazi. Tikusendera. Kwathunso ankati nkhondo ili kutali."

Mawa lake mayi analawirira ku ganyu. Ndikubwera kumjigo ndinapeza agogo atatsitsa mbewu yonse, akuitonolera m'dengu, nkhope ili yakuda ndi mwaye. Ndinatula ndowa madzi n'kutayika.

"Agogo, mukutani?"

"Tikagaitse, mkazi wanga," anatero, poti ndi mmene ankanditchulira mwanthabwala, koma tsiku limenelo sankaseka. "Mvula sibweranso. Ndikaikwirire m'nthaka yotentha ngati uvuni inu mukugona ndi njala? Nada, sizitheka."

Ndinalira, ndinawapempha kuti tidikire mayi, koma agogo akatsimikiza chinthu makutu ankawasiya m'nyumba. Anandisenzetsa dengu. Njira yonse ya kuchigayo utsi wa chimangacho unkandilowa m'mphuno, ndipo ndinkayenda mokoka miyendo, ndikupemphera mumtima kuti tikapeze magetsi atazima. Tikuyandikira ndinamva chigayo chikulira bwinobwino, mtima wanga n'kugwa.

Panali mzere wa azimayi ndi zitini zawo. Titafika kutsogolo, wogayitsa anatapa chimangacho m'manja, anachinunkhiza, n'kukwinya nkhope.

"Madala, ichi ndi cha mbewu. Chanunkha utsi. Ndikathira umu, ufa wa anthu onse ali kumbuyoku umveka ngati nyama yowamba."

"Chimanga ndi chimanga," anatero agogo.

"Ayi abambo," anatero mayi wina wamimba amene anali pambuyo pathu. "Wangawu ndi ufa woyera, ndauviika ndekha, ndauyanika ndekha. Muundidetsere chifukwa chiyani?"

Agogo anayesa kufotokoza za dziko la miyala yosungunuka, kuti ife tikulitsatira, kuti kubzala kwatha. Azimayi aja anawamvetsera mwaulemu ndithu, wina mpaka anati, "Zoopsa," koma palibe amene analola kuti ufa wake unukhe utsi chifukwa cha kutha kwa dziko. Wogayitsa anati ngati tikufuna tidikire mpaka onse atagayitsa, madzulo. Agogo, amene sankadikira munthu, anatukwana m'Chipwitikizi n'kundiuza kuti ndisenze.

Sindinasangalalepo ndi katundu wolemera ngati tsiku limenelo. Ndinkachita kuthamanga nalo dengu, agogo akung'ung'udza kumbuyo kuti anthu a masiku ano samva.

Mayi tinawapeza atabwera. Anayang'ana dengu, anayang'ana kudenga kopanda kanthu, n'kukhala pansi. Kenako anathira mbewu ija m'thumba, anaimanga, n'kupita nayo kwa mchemwali wawo tsidya la mtsinje. Atabwerako anangoti, "Ababa, wailesi ija muziimvera nyimbo."

Kusukulu ndinafunsa aphunzitsi. Anati dziko lija ndi lenileni, koma lili kutali moti kuwala kwa nyenyezi yake kumayenda zaka zambiri kuti kufike kuno, ndipo lathuli silikusendera kulikonse, likuyenda m'njira yake yakale. Nditawauza agogo anangofunsa kuti, "Iwowo anapitako?" Koma ndinaona kuti mapewa awo atsika, mtima wakhala pansi.

Mvula inagwa mwezi usanathe, yamabingu, yonunkhira fumbi. Amene anayamba kudzuka kukatenga thumba lija tsidya la mtsinje anali agogo omwewo, ndipo pobzala ankatilangiza mokweza ngati kuti mbewuyo anaipulumutsa ndi iwo. Za kuchigayo sanazitchulenso mpaka kumwalira kwawo.

Lero ndine mayi wa ana atatu ndipo chimanga chija ndimabzalabe. Ndikawerenga pafoni kuti apezanso dziko lina lotentha, ndimadziwa bwino kuti silikutikhudza. Koma kutentha kwa Okutobala kukafika pachimake, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, mantha a agogo amandigwira ineyo, chifukwa ndinatengera zonse ziwiri, mbewu ndi mtima. N'chifukwa chake mbewu yanga siigona pakhomo panga. Imapachikidwa m'khitchini mwa mng'ono wanga, ndipo ndinamuuza kuti mvula isanagwe asandipatse, ngakhale ndilire.