Nkhope ya Achemwali M'buku la Ana

Alamu anga ndi katswiri wojambula, amatero eni ake. Akhala zaka zambiri akulemba zikwangwani za mashopu ndi kujambula mitu pamakoma a malo ometera. Mukaona mutu wa khutu limodzi lalikulu kuposa linzake, dziwani kuti alamu anadutsa pamenepo.

Tsiku lina kampani yosindikiza mabuku inawaitana. Akuti ana atopa ndi mabuku a zimbalangondo ndi nyumba zosanja, akufuna zithunzi za moyo wawo weniweni: mipanda ya malata, zingwe zoyanikapo zovala, mpira womanga ndi mapepala. Alamu anabwerako mapewa ali m'mwamba. Tebulo lodyera linasanduka ofesi, ana n'kumadyera pansi, penti ili mbwee mpaka pamakatani. Ukawalankhula ankangokweza chala, kusonyeza kuti akulu ali pantchito.

Nkhani ya m'bukumo inali ya mayi wolusa amene amadula ndi mpeni mpira uliwonse wogwera kuseri kwa mpanda wake. Alamu sanavutike kukafuna nkhope kutali. Anajambula akazi awo, achemwali anga: chipsera cha pachibwano, duku lobiriwira, ndi milomo ija amaikunga amuna awo akabwera chimanjamanja. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, alamu anajambula munthu wofanana ndi mwini wake, makutu onse olingana bwinobwino.

Achemwali amagulitsa maswiti, mabisiketi ndi mapensulo pakatebulo pageti la sukulu. Katebulo kameneko ndiko kamadyetsa banja, luso la alamu limangobweretsa mbiri. Buku litafika pasukulupo, zimene osindikiza ankalakalaka zinachitikadi, ana anaona moyo wawo m'buku. Kamtsikana kena kanayang'ana tsamba, kanayang'ana pageti, n'kukuwa, "Mayi Mpeni awo!" Kuyambira pamenepo ana ankalambalala kukagula tsidya lina la msewu, maswiti n'kumasungunuka m'botolo. Zinandiwawa kwambiri kuona munthu amene amapukuta mamina ana a eni ndi nsalu yake atakhala yekhayekha ngati wamphere.

Ndinapita kukawafunsa alamu, achemwali ali pomwepo.

"Mlamu, inu simukumvetsa," anandiyankha. "Bukuli lafika paliponse. Akazi anga atchuka. Ena amachita kuvutikira kuti atchuke chonchi."

"Ndidya kutchukako?" anatero achemwali. "Bambo a ana, mundijambulenso. M'buku linalo ndikhale ndikuseka, kuti ana abwerere."

Alamu anavomera, poti buku lachiwiri linalidi m'njira, ndipo munali mayi wachifundo wopatsa ana madzi akumwa. Loweruka masana anawakhazika akazi awo pampando pafupi ndi zenera. Achemwali anavala diresi yawo yoyendera, anadzola mafuta, n'kuonetsa mano ngati ali kwa dokotala. Alamu anajambula, kufufuta, kujambulanso, mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Nditaona kuti zavuta, ndinawakumbutsa achemwali za tsiku limene tambala anathamangitsa malume athu atavala suti yobwereka. Anaphulika nako kuseka, kuja kwa kale kogwira pamimba, misozi ili chuchuchu.

Alamu anaimitsa pensulo, nkhope itakwinyika.

"Ayi, mayi a ana, khalani mmene mumakhalira," anatero. "Mukatero mukuoneka munthu wina. Palibe angakuzindikireni."

Kuseka kuja kunazima. Achemwali anawayang'ana nthawi yaitali amuna awo, munthu amene abereka naye ana, amene amamuchapira ndi kumuphikira.

"Ana a pasukulu ankandidziwa chonchi," anatero motsitsa mawu. "Amene simukundizindikira ndinu nokha."

Anadzuka n'kukavula diresi ija. Alamu anatsala akusongola pensulo, akudandaula kuti anthu salemekeza luso. Lolemba m'mawa achemwali anasenza katebulo kawo, anadutsa geti la sukulu osacheuka, n'kukakaika pamalo okwerera mabasi, pamene ogula ake sawerenga mabuku a zithunzi.