Wailesi Imene Mayi Ovaova Anasankha Okha

Dzina lawo lenileni anthu a mumsewu uja analiiwala kalekale. Ana, ogulitsa makala, ngakhale wowerenga mita ya madzi, onse ankangoti Mayi Ovaova. Eni ake ankaseka nawo, koma kunena zoona dzinalo linkawawawa mumtima. Kale ankatchedwa atelala, ndipo anali telala weniweni wa shedi yakeyake pamsika, wosoka diresi loti mkwatibwi akavala, apongozi amasowa ponyozera.

Amuna awo anali okonza mijigo. Ankayenda pagalimoto yokoka mawilo onse, itadzaza mapaipi ndi zitsulo, kupita kumene msewu umatha n'kutsala kanjira ka ng'ombe, kumene foni imasanduka tochi basi. Chaka china shafuti ya galimotoyo inathyokera pakati pa dambo. Bambowo anakhala kumeneko masiku angapo akumwa madzi a pachithaphwi, kunyumba anthu atayamba kale kunong'onezana. Atabwerako, milomo itang'ambika, maso atalowa, mayiwo sanalire n'komwe. Anangoti, "Mawa tikagule wailesi ya ovaova, yolankhulirana ija. Sindikufuna zambiri."

Sitolo yake inali yopanikiza, mawaya ali lendelende kudenga. Mwini sitolo, mkulu wa magalasi omanga ndi ulusi, anaika mawailesi awiri pakauntala.

"Aka n'kam'manja," anatero. "Mumayenda nako kumsika, kutchalitchi, kulikonse. Koma mawu ake ngaulesi, akakumana ndi phiri amabwerera. Iyi ndiye yaikulu. Imodzi timamanga m'galimoto, inzake imakhala m'nyumba, batire pansi, mlongoti padenga. Imeneyi ngakhale bambowa atakhala kuseri kwa mapiri, mudzawamva akutsokomola. Koma siyendatu iyi, mayi. Pomwe mwaiika ndi pomwepo, ndipo pamafunika munthu."

Bambowo, okonda zotchipa chibadwire, anali atagwira kale kam'manja kaja. Mayiwo ndi amene anamenya kauntala ndi chikhatho.

"Yaikuluyo!"

Mwini sitolo anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Munthu wake ndani?"

"Ine ndilipo."

Palibetu amene anawakakamiza, ndipo izi ndi zimene zinkawapweteka kwambiri pambuyo pake. Ukamangidwa ndi wina umakhala naye womutukwana. Nanga ukadzimanga wekha?

Wailesiyo anaiika pathebulo la m'chipinda chochezera, pafupi ndi windo. Inkangoti shiii tsiku lonse ngati madzi akuwira. Poyamba mayiwo ankapitabe kumsika, n'kusiyira mtsikana wa nyumba yoyandikana. Tsiku lina mtsikanayo, pofuna nyimbo, anapotokola kabatani n'kusokoneza zonse, ndipo tsiku lomwelo galimoto inatitimira mumchenga. Bambowo anaitana mpaka mawu kusasa. Atafika kunyumba sanakalipe. Anangofunsa mofatsa, "Kodi munali kuti, mayi?" Bola akanakalipa.

Makina osokera anasamukira kunyumba, pambali pa wailesi. Makasitomala anawatsata miyezi yoyamba, kenako anayamba kudontha mmodzimmodzi, chifukwa ndani angafune kuyezedwa chiuno kwinaku mwamuna wa eni akukuwa m'bokosi kuti tayala laphulika? Shedi ija analowamo wogulitsa mapoto. Ana anakula n'kumwazikana. Maukwati a abale mayiwo ankangowaonera pazithunzi, madiresi atasoka okha. Kusamba kunali kothamanga, chitseko chili pululu, khutu lili kuchipinda. Ngakhale kupita pampopi ankachita ngati akuba.

Komatu ntchito ankaidziwa. Ankadziwa mtsinje uliwonse umene amuna awo ankawoloka, mlatho wa mitengo umene unawola, dambo limene limanamiza ndi udzu wobiriwira. Sanapondeko ngakhale kamodzi, koma akanatha kukulondolera atatsinzina. Galimoto ikatitimira, iwo ankatenga foni n'kuimbira mwini thalakitala, kapena makaniko, n'kuwauza pokhotera. Bambowo ankanyadira kwa anzawo kuti, "Ine ndili ndi ofesi kunyumba." Ofesi yake yopanda tchuthi, yopanda woilandira.

Ndipo wailesi ya ovaova ili ndi khalidwe lake. Amalankhula ndi mmodzi. Ukadina batani, mnzako amangomvera mpaka utanena kuti "ova" n'kuchotsa chala. Eee, chala cha bambowo chinali cholemera! Ankafotokoza za matope, za mafuta, za msana, za anthu a kumudzi amene aba mpira wa mjigo, ndipo akamati "ova" n'kuti mayiwo ataiwala zimene amafuna kunena. Ankangoti, "Ndamva, bambo. Muyende bwino. Ova."

Mayi owabereka Mayi Ovaova atagonekedwa m'chipatala, mvula inali itafika pachimake. Chipatalacho chinali kutsidya kwa tauni, ulendo wa minibasi ziwiri. Mlongo wawo wamng'ono, wowotcherera zitsulo, ndi amene ankagona pabenchi ya kuwodi. Ankaimba foni tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku ndi tsiku mayiwo ankati bambo akangofika abwera. Koma bambowo anali tsidya lina la mtsinje wodzadza, kudikira kuti madzi aphwe.

M'mawa wina mlongoyo anabwera yekha panjinga yamoto, osavula n'chipewa chomwe.

"Achemwali, amayi asiya kudya. Akungotchula inu. Ine sindibweranso kudzakuchondererani."

Mayiwo anatenga cholankhulira cha wailesi. "Bambo, mukundimva? Amayi zavuta. Ndikufuna ndipite. Ova."

Kunamveka shiii, kenako mawu aja. "Pepani, mayi, ndamva. Koma madzi ayamba kutsika, mwina ndiyesa kuwoloka lero. Musachoke kaye. Galimoto ikandizimira pakati, ndiitana ndani? Mudikire ndiwoloke, kenako tipitira limodzi. Mukudziwa kuti ndimadalira inu." Anapitiriza za miyala ya pansi pa mtsinje, za batire lofooka, za chingwe chokokera, ndipo mayiwo anangoima, chala chili pabatani losathandiza kanthu. Bambowo sankanama, ndiye vuto lake linali pamenepo. Mtsinjewo unali utadyapo anthu. Mantha anawagwira mayiwo mbali zonse, mpaka anakhala pansi.

Anayang'ana makina osokera, windo, mpando umene unali utakumbika potengera thupi lawo. Ndiye anatenga foni n'kuimbira mwini thalakitala, kumupempha kuti akaime pamtsinje paja mpaka galimoto itawoloka. Mkuluyo anang'ung'udza za mafuta, koma anavomera. Bambowo atati "ova", mayiwo anadina batani ndi chala chonse.

"Tsopano mumvere inu, bambo. Wailesiyi ndinasankha ndine, sindikukana. Ndinkaopa kuti mudzafera kutchire. Koma chiigulireni inu mwayenda dziko lonse, ine ngakhale pamsika sindifikanso. Thalakitala ikubwera. Musawoloke isanafike. Ikachedwa, gonani komweko, munagonapo kale. Mayi anga ndi amodzi okha. Ndapita."

Sanadikire yankho. Anatenga chikwama, nakhoma chitseko. Akukwera njinga ya mlongo wawo, mawu ankamvekabe pawindo. "Mayi? Mayi, mukundimva? Ova." Njira yonse m'makutu mwawo munkalira shiii, ndipo pa mlatho uliwonse ankayang'ana madzi a matope aja.

Kuwodi anapeza mayi awo atachepa ngati mwana, botolo la madzi lili lende pamwamba pa bedi. Anagwada n'kuwagwira dzanja.

"Amayi, ndabwera. Ndine."

Gogoyo anatsegula maso pang'onopang'ono. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kuchitseko, ngati akuopa kuti wina abwera kudzawatenga.

"Wabwera, mwana wanga?" ananong'ona. "Nanga wailesi wasiyira ndani?"

Apa ndi pamene misozi inatuluka, yonse ija imene sinatuluke tsiku limene amuna awo anabwerako kudambo. Mayi wake wa munthu, pa bedi lomaliza, kumuona mwana wake n'kuyamba wafunsa za bokosi! Anapukuta nkhope ndi m'mphepete mwa bulangete, nakokera mpando pafupi.

"Ilire yokha, amayi. Ndakhala pano."