Uta Wotchipa wa Yifu

Yifu anakula wopanda uta, ndipo kuno ku zigwa za mtsinje wa Nu mwamuna wopanda uta ngakhale agalu samuwerengera. Anzake ankayenda ndi mauta awo opingasa, a mpini wotsamiritsa pamimba pokoka nsinga, koma iye bambo ake anagwera mumtsinje uta uli kumsana, iye akadali wakhanda. Womuphunzitsa panalibe. Anakhala wamtengatenga, kusenza mchere wa eni ake kudutsa nawo mapiri mpaka lamba wa dengu anamumeta tsitsi la pamphumi. Msewu utabwera ndi malole ake, ntchito ija inafa osatsanzika.

Anatsala ndi kamunda kamodzi kopachikika paphiri, komwe polima munthu amachita kugwirira zitsamba kuti asagubuduke. Chaka chimenecho chimanga chinabereka ndithu. Chitangoyamba kukhwima, chimbalangondo chinachitulukira. Chilombo chakuda chaubweya chimenechi sichidya ngati mlendo ayi: chimakhala pansi phwathalala, kukumbatira mapesi, kuluma chitsononkho kamodzi n'kutaya, kuthyolanso china. Yifu anaimba chitini, anafukiza utsi, anakuwa mpaka mawu anasasa. Alenje a m'mudzi ankalondera minda yawo, yankho lawo linali limodzi: tibwera tikakolola.

Mlamu wake Hesa anabwera kuchokera kutsidya, naima m'mapesi othyokawo.

"Alamu, chaka chatha mlongo wanga anadya mizu yam'tchire ngati nguluwe. Munda uwu ukatha, ndidzamutenga pamodzi ndi mwana. Sindikukuopsezani, ndikungokuuzani."

Nacha, mkazi wa Yifu, anamva zonsezo ali pakhomo. Sanatsutse, ankangopota ulusi wake. Kukhala chete kumeneko n'kumene kunamupweteka Yifu kuposa mawu a mlamu wake.

Tsiku la msika anaika kankhumba kake kokhako m'dengu n'kutsetsereka phiri. Analunjika kwa Lepha, nkhalamba yosema mauta.

"Agogo, ndikufuna uta wophera chimbalangondo."

"Iwe? Manja akowa anagwirapo nsinga?" Lepha anasuzumira m'dengu muja. "Wa chimbalangondo mtengo wake umauma zaka pamwamba pa moto, mwanawe. Umenewo ndi wa nkhumba yeniyeni, osati khoswe wanyamulayu. Tenga aka, kophera mbalame ndi agologolo. Yamba ndi aka uphunzire."

"Ndiye chimbalangondo ndikachilase ndi kameneka?"

"Chidzangoyesa udzudzu. Koma iweyo udzadyako agologolo."

Anthu anaseka chikhakhali. Kunena zoona nkhalambayo inalangiza bwino, koma munthu amene nyumba ikumugwera samva zoti ayambe waphunzira. Yifu anachoka makutu akutentha ndi manyazi.

Tsoka silinunkha. Kumapeto kwa msika kunali mlendo wina wogulitsa mizu ya mankhwala. Mlendoyo anamukodola Yifu, namasula thumba. Munali uta, abale inu! Waukulu, wakuda bii, kafupa kake kodinira poponya muvi kosalala ndi zala za mwini wake.

"Ndi wa malume anga, akalamba, sangathenso kukoka," anatero mlendoyo. "Bweretsani kankhumbako, achimwene, tisachulutse gaga m'diwa."

Kankhumbako mlendoyo sanakanyamule n'komwe kuti amve kulemera kwake. Yifu anaona kuti manja ake ada ndi mwaye atangougwira utawo, ndipo pamene chala chinapukuta, mtengowo unali wotuwa ngati wokhalitsa pamvula. Aliyense wokulira pa uta akanadziwa kuti utsi wa zaka sukanganuka m'manja choncho. Iye sanadziwe, ndipo mwina sanafunenso kudziwa.

Pobwerera sanazembe njira yakuseri monga ankachitira. Anadutsa pakati peni peni pa mudzi, uta paphewa, chifuwa patsogolo, koyamba m'moyo wake. Kunyada kumeneko kunathera pakhomo pa Nalu, mayi wamasiye amene ankapeta mapira panja. Lichero linamupulumuka. Anayandikira, nagwira mpini uja, napapasa timizere tosemedwa m'mbali mwake.

"Mayo ine! Uta wa bambo a Kaipu! Tinaupachika pamanda awo ndi manja athu!"

Kuno mwamuna akamwalira, uta wake ndi phodo la mivi timazipachika pamanda, kuti kumene akupitako asayende chimanjamanja. Kuuchotsapo n'chimodzimodzi ndi kumuvula wakufa. Nyama yophedwa ndi uta wotero palibe angaidye, ngakhale njala itavuta chotani.

Kaipu, mwana wa malemuyo, mlenje woposa onse m'mudzimo, anabwera akuthamanga ndi abale ake. Yifu anafotokoza za mlendo uja. Anamukhulupirira, poti ankamudziwa.

"Wakuba sindiwe," anatero Kaipu. "Ndiwe chitsiru basi. Mwaye ukukudetsa m'manja, osafunsa?"

Yifu anagwada pafumbi, anthu onse akuona.

"Achimwene, ndibwerekeni m'mawa umodzi wokha. Ndikalase chilombo chija, ndibweza ndekha. Banja langa likutha."

"Bambo anga akhala chimanjamanja kuyambira liti sitikudziwa, ndiye uwonjezerepo tsiku chifukwa cha chimanga chako? Dzuka. Ukaupachika wekha dzuwa lisanalowe."

Mandawo ali pachitunda choyang'anizana ndi munda wa Yifu, pakati pali chigwa chakuya. Anakwera onse, mayi wamasiye akulira njira yonse. Kaipu anathira mowa pansi, napepesa bambo ake. Yifu akumangirira uta pamtengo wake, kutsidya kunamveka thyo, thyo. Anacheuka. Chinthu chakuda chinali chitakhala pakati pa munda, dzuwa lisanalowe n'komwe, chikudya mosathamanga. Kaipu nayenso anachiona, koma anayang'ana kumbali. Kuyambira tsiku limenelo palibe mlenje anatchulanso zopita kumunda kwa Yifu, poti ndani akanafuna kuoneka akuthandiza munthu amene anayenda ndi uta wa kumanda? Mlendo uja sanaonekenso pamsika, iye ndi kankhumba komwe.

Masiku otsatira Yifu ankakhala pamwala pamwamba pa munda, akugenda chilombocho ndi miyala yosafika. Mtima unali utafa. Pokolola, iye ndi Nacha anatolera zitsononkho zolumidwa, nasenga poipa ndi mpeni, natonola zotsalazo. Zonse zinakwana m'dengu limodzi, losadzaza.

Hesa anabwera monga ananenera. Sanatukwane, sanalowe ngakhale m'nyumba. Nacha anabereka mwana wawo Nali, nakulunga ulusi wake m'kansalu.

"Chimanga chija ndakusiyirani chonse, bambo a Nali. Ife tikadya kwa achimwene."

"Mubwera liti?"

Nacha anayang'ana kaye mlongo wake, kenako pansi.

"Mukadzakolola."

Yifu anawaperekeza mpaka pokhota njira. Mwana ankamuyang'ana ali kumsana, osadziwa kanthu, akuseka. Atabwerera anakhala pansi pafupi ndi dengu lija, nalowetsamo dzanja mpaka chigongono kuti ayese. Chimangacho chinali chokwanira kudya kapena kudzabzala, koma osati zonse ziwiri.