Besi ya Amayi Wailesi

Mumsewu wa mashopu uja, pakati pa wometa ndi wokonza mafoni, pali kachipinda kosokera zovala komwe chitseko chake chimavuta kutseka nyengo ya mvula. Mwini wake ndi mayi wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, amene msewu wonse umawatcha Amayi Wailesi. Dzinali sanachite kulipempha. Linabwera lokha, chifukwa mayiwa ankati akangoponda makina, pakamwa napo patseguka. Ankaimba podula nsalu, ankaimba poika zipi, ankaimba ngakhale ataluma mapini, ndipo palibe anadziwa kuti zinkatheka bwanji. Wometa ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti wailesi imeneyi ilibe pozimitsira.

Kenaka pakhosi pawo panatuluka chotupa. Madokotala anachichotsa bwinobwino, moyo unapulumuka, koma mawu sanabwerere. Anatsala ndi timawu tosasa, tongokwanira kufunsira kasitomala kuti siketi ifike pati. Akati ayese kuimba, munkangotuluka mphepo. Msewu unati zii, ndipo wometa uja anayamba kudutsa pakhomo chozolika ngati wolakwa ndi iye.

Chimene chinkawadya mtima kwambiri chinali Mzime, mwana wawo wamkazi wotsiriza. Mtsikanayu anakulira pansi pa tebulo lodulira nsalu, ndipo awiriwa anali ndi nyimbo yawo: mwana kuimba pamwamba, mayi kumutsira pansi ndi mawu aakulu. Anapangana kalekale kuti tsiku la ukwati wa Mzime adzaiimba limodzi pamaso pa anthu. Tsopano tsiku la ukwati linali litadziwika, nsalu ya diresi itagulidwa, koma mayi alibe mawu.

"Zisiyeni amayi," anatero Mzime. "Bola muli moyo. Ndidzaimba ndekha, kapena tingoisiya."

Amayi Wailesi anagwedeza mutu n'kupitiriza kusoka. Mawu okoma aja anawapweteka kuposa mpeni wa dokotala.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa chimimba kudzakulitsa thalauza. Anali dalaivala wa lole, koma anthu ankamutchabe Mabingu, popeza pa unyamata wake ankaimba gitala ya besi m'mabala. Akudikira thalauza lakelo, kwa wokonza mafoni kunkamveka nyimbo, ndipo iye anangoti maso dwii pansi pa makina.

"Mayi, phazi lanulo mukuliona?"

"Latani?" ananong'ona Amayi Wailesi.

"Makina mwaimitsa, koma ilo likupondabe, ndipo silikuphonya ngakhale pang'ono. Anyamata ambiri ndinalephera kuwaphunzitsa chimenechi. Phazi limeneli ndi la besi. Ine ndili nayo pansi pa bedi, akazi anga atopa nayo posesa. Imaimba mawu apansi okhaokha, bwerani mudzaione."

Mawu apansi okhaokha! Thalauza lija linasokedwa mtima wa telala uli kwina.

Gitala imene Mabingu anaikoka pansi pa bedi inali yomvetsa chisoni. Inali yaitali pafupifupi msinkhu wa wogulayo, yolemera ngati mwana wa chaka, ya mawaya anayi onenepa. Penti wake wakuda anali atasupuka, m'mphepete muli zipsera za ndudu, ndipo thupi lonse mpaka khosi linali masitika okhaokha: zigaza, mabotolo a mowa, njoka, malawi a moto. Koma Mabingu atailumikiza ku kasipika kake n'kukhudza waya wapamwamba, mawindo ananjenjemera, ndipo Amayi Wailesi anamva kulira kwake m'chifuwa, pamalo penipeni pamene mawu awo ankachokera. Sananenerere n'komwe. Anabwerera kunyumba gitala ili kumsana, kasipika kali pamutu.

Mabingu anali mphunzitsi wa mtundu wakewake. Za zilembo za nyimbo analibe nazo ntchito. Ankabwera kushopu lole ikakhala pa sevisi, mayi n'kumuyatsira nyimbo ija pa foni, imene anamujambula Mzime akuimba osadziwa cholinga, iye n'kumaloza pakhosi la gitala.

"Chala pa chigaza, menyani kawiri. Pitani pa botolo. Bwererani pa chigaza. Tsopano njoka! Njoka, mayi, osati moto!"

Zala zozolowera singano zinatuluka matuza, matuza n'kusanduka zikang'a. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita miyezi, nyimbo yonse inali itakhala m'mutu mwawo ngati njira ya kumsika: chigaza, botolo, chigaza, njoka.

Tsono kunyumba kuli amuna awo, wopenta magalimoto, amene anzawo kugalaja amangowati Apenti. Ndi munthu wosalankhulalankhula, koma akaona chokala pa galimoto ya mwini aliyense, dzanja limapita lokha kukachisisita. Tsiku loyamba kuiona besi ija anaizungulira ngati apolisi.

"Amayi, imeneyi inachita ngozi kuti?"

"Isiyeni, ikulira bwino."

Komatu Amayi Wailesi eni ake ndiwo ankadandaula kwambiri. Madzulo aliwonse akamaliza kuyeserera ankaiyang'ana n'kupukusa mutu. "Abambo, ine ndikaima bwanji pamaso pa asewere anga nditakolekera chigaza ndi botolo la mowa? Adzati mwana wathu wakwatira kwa anthu otani?" Ananena lero, ananena mawa. Apenti ankangoti "Mmm," ndipo aliyense wodziwa amuna osalankhula akudziwa kuti "Mmm" ameneyu ndi woopsa. Walira mvula walira matope.

Sabata ya ukwati, diresi la mkwatibwi linawapanikiza mayi moti besi sanaikhudze kwa masiku angapo. Sanaone n'komwe kuti kuseri kwa kabati, kumene ankaisunga, kulibe kanthu. Apenti anali ataitengera kugalaja, ndipo anaigwira monga amagwirira galimoto ya bwana. Anamasula khosi, anachotsa mawaya ndi zitsulo n'kuziika m'chitini, anamata zipsera, anakwecha thupi ndi sandipepa mpaka linati see. Mtundu wa penti sanaulote. Anatola kachidutswa ka nsalu imene akazi awo ankasokera diresi lawolawo la tsikulo, yobiriwira modera, n'kusakaniza penti mpaka nsalu ndi chitsulo choyeserapo zinafanana. Masitika onse anawamatula, a pakhosi omwe, chifukwa kwa wopenta galimoto situluka m'galaja ili ndi zomatamata za mwini wakale.

Anabwera nayo ataikulunga m'bulangete, naigoneka patebulo la pabalaza. Atavundukula, Amayi Wailesi anagwira pakamwa. Inali waliwali, munthu kudziona nkhope. Anathamangira kuchipinda kukatenga diresi lawo, naliyandikiza, ndipo misozi inalengeza. Zaka zonsezi bamboyu anali asanawagulireko ngakhale duwa, koma taonani zimene anachita.

Anaikolekera paphewa, nakweza dzanja lamanzere kuti agwire chigaza. Dzanja linaima m'malere. Khosi lonse linali mtengo wakuda wosalala, tizitsulo tili ndandanda, tofanana tokhatokha.

"Abambo, chigaza changa chili kuti?"

"Ndataya. Si chimene chimakuchititsani manyazi?"

"Botolo? Njoka?"

"Zonse, amayi. Zinavuta kumatula, makamaka njokayo."

Anayesa kuimba chongoganizira. Chinatuluka chinali kulira kwa lole yokanika pamtunda. Anayesanso, zinaipiraipira. Mabingu anali kutali pa ulendo, foni yake yosapezeka. Madzi anali atachita katondo, ndipo ukwati unali mkuja.

"Safunsa anadya phula," anatero Amayi Wailesi. Kukalipa monong'ona n'kowawa, chifukwa wokalipiridwa amachita kusendera pafupi kuti amve bwino. "Mawu anapita, ndinapirira. Ndapeza ena, inu mwakawataya m'bini ya kugalaja. Mwana uja ndikamuuza chiyani?"

Apenti anakhala pampando manja ali lende, akuyang'ana ntchito yabwino koposa imene anagwirapo m'moyo wawo.

M'mawa mwake dzuwa litangotuluka, Amayi Wailesi anamva kuitana panja. Anapeza amuna awo atagwada pakhonde, gitala ataipendeketsa, diso limodzi atatsinzina.

"Bwerani mbali ino, muwerame. Galimoto ukaichotsa sitika, pamalopo sipafanana ndi ponse, chifukwa dzuwa ndi fumbi sizinafikepo. Ndimati mwina mtengo nawo umatero. Pakhosipa sindinakwechepo, ndinangopukuta."

Mayi anawerama. Poyamba sanaone kanthu. Kenaka kuwala kutagwera cham'mbali, pamtengo paja panaoneka timithunzi tozimiririka: kozungulira apa, kotalika apo, kokhotakhota cha kumunsi. Anaika chala pa kozungulira kaja n'kukoka waya, ndipo ngakhale popanda sipika anadziwa kuti afika kwawo.

Tsiku limenelo Apenti sanapite kuntchito. Anatenga kabulashi kawo kolembera manambala, nakhala pakhonde, akazi awo ataimirira pamutu pawo ngati kapitawo. Ulendo uno ankafunsa chilichonse, mpaka kunyanya. Pamene panali chigaza anajambulapo batani loyera la mabowo awiri, lomwe ukaliyang'anitsitsa nalo limakuyang'ana. Pa botolo anaikapo mpukutu wa ulusi. Njoka inasanduka tepi yoyezera, yopindika momwemo, ndipo malawi a moto anakhala sizasi yotsegula. Pamwamba anapakapo vanishi kuti mawaya asafufute.

"Tsopano muziti batani, ulusi, batani, tepi," anatero Apenti monyadira.

Mayi anayesa, koma mutu unakana. Mpaka lero batani lija ndi chigaza, ndipo amene amaona milomo yawo ikugwedera akamaimba amaganiza kuti akupemphera.

Holo ya ukwati inadzaza. Itakwana nthawi ya nyimbo, Mzime ananyamuka yekha n'kupita kutsogolo, diresi likukwekwereza, nkhope ikumwetulira mokakamiza. Atatembenuka anaona bambo ake, suti ili thi, atanyamula kasipika, ndipo pambuyo pawo mayi ake akubwera ndi chigitala chobiriwira chofanana ndi diresi lawo. Anthu anayamba kuseka, ena kuimirira kuti aone bwino. Wometa, amene anakhala kumbuyo, anafuula kuti, "Wailesi ija aiyatsa!"

"Amayi, n'chiyani chimenechi?" anafunsa Mzime.

"Tinapangana," ananong'ona mayi ake. "Yamba, mwanawe."

Phazi linayamba kuponda, chala chinagwa pamalo pake, ndipo mawu aakulu anayenda pansi pa mipando mpaka kukhomo. Kuseka kunatha. Mzime analowa pamwamba, mawu ake ali see, ndipo ndime yoyamba inadutsa bwino. Amayi Wailesi anamva kuthokoza kukudzaza m'chifuwa. Anathokoza dalaivala wa chimimba amene anayang'ana pansi pa makina, anathokoza bambo wosafunsa amene anaima pambali atagwira chingwe cha sipika kuti wina asachipunthwe, anathokoza ngakhale madokotala amene kwa nthawi yaitali ankawasungira kanthu kukhosi.

Pakati pa ndime yachiwiri Mzime analakwitsa chinthu chimodzi: anacheuka n'kuyang'ana mayi ake. Mawu anamuthera pomwepo. Anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, misozi ikuwononga zonse zimene anamupaka kumaso. Holo yonse inati chete, ndipo wina akanatha kuganiza kuti nyimbo yafera pamenepo.

Koma besi sinaime. Amayi Wailesi anafika kumapeto kwa mzere, nabwerera poyambira, nauyendanso modekha, maso ali pa mwana wawo. Anauzunguliranso kachitatu, osathamanga, osakweza. M'holo monse munkamveka iwo okha, mayi wopanda mawu uja, atainyamula nyimbo kudikira mwini wake.

Mzime anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, nakoka mpweya. Mzere utafikanso poyambira, mayi ake anamugwedezera mutu, ndipo mwana analowa.