Mabingu a Mumtsuko wa Apongozi

Zaka zomwe anthu ankangoti matipate matipate, aliyense akudzitama kuti tsopano ali ndi ufulu wolankhula, ine ndinali pa chikamwini kwa Kapondo, komwe ufulu umenewo sunafike. Kwathu ndi kwa Mlonyeni, ndipo pabanja pathu mwamuna akakwatira amanyamula mkazi wake n'kupita naye kwawo. Koma ine ndinakonda mtsikana wa kwa Kapondo, ndipo abale ake anati mkamwini ayambe wakhala pamudzi, amuone kalimidwe ndi kadyedwe, za chitengwa zidzakambidwa m'tsogolo. Ndinavomera ndikuganiza kuti m'tsogolomo ndi miyezi ingapo. Zaka zitatu zinatha ndikudikirabe chilolezo chotenga mkazi wanga kupita naye kwathu.

Mwini chilolezocho anali apongozi anga aakazi, mayi wamasiye, wamfupi, wa mawu omveka mpaka kudimba. Mwa mwambo, ine ndi iwo sitinkayenera kuyang'anana kapena kulankhulana. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire, ndipo mmodziyo nthawi zonse ankakhala ine, ngakhale pamalo pa chitedze. Koma musaganize kuti kusalankhulanako kunkandipulumutsa. Apongozi anali ndi galu wofiira, wowonda, ndipo zonse zokhudza ine ankauza galuyo mokweza ataima pafupi ndi khomo langa.

"Iwe galu, anthu ena dzuwa lafika apa akadali m'nyumba. Kaya kwawoko fodya amadzipalira yekha."

Galuyo ankatembenuka n'kundiyang'ana ine, ngati wamva.

Ndinene zoona, ndinkasungulumwa kwambiri. Mkazi wanga anali pakati pa amayi ake, azichemwali ake ndi anzake omwe anakulira nawo limodzi, ndipo kuseka kwake kunkamveka kuchokera kuchitsime. Amuna onse a pabwalo la bawo anali amalume ake kapena alongo ake, anthu oti ukawadya pa bawo umapepesa. Ndikabwera kumunda masana ndinkalowa m'nyumba n'kukhala ndekha, kuyang'ana tsindwi.

Kamodzi pa mwezi ndinkamanga thumba la mtedza panjinga n'kupalasa mpaka kuboda, kukagulitsa kwa oyendetsa mathiraki omwe ankakhala masiku pamzere kudikira mapepala. Pakhonde la sitolo ina panali bambo wina wa ku Chipata wokonza mawailesi. Tsiku lina ndinamutengera wailesi yanga ya kaseti, yomwe inali itasiya kuzunguliza tepi. Anaitsegula, anapukusa mutu, nati mbali ya kasetiyo yafa basi. Ali mkati mofufuza m'katoni yake ya zitsulo, anagwetsa kachitini kena kotalika ngati chikhatho ndi theka, kotseguka mbali imodzi, mkati mwake muli masipuling'i awiri aatali okokedwa. Kanalira pang'ono, mawu ake n'kupitirira osafuna kutha.

Ndinafunsa kuti n'chiyani.

"Aka ni ka eko, mudala. Kanachoka mu ampu ya ba bandi. Ukakagunda chabe, kamvekera monga uli mu chalichi chikulu. Manje kalibe nchito."

Ndinamupempha kuti akalumikize ku wailesi yanga, pamalo pa kaseti yakufayo. Anandiyang'ana ngati munthu wodwala, koma analumikiza ndi mawaya awiri aatali, ine n'kumusiyira mtedza.

Kuyambira pamenepo masana anga anasintha. Ndikakhudza sipuling'i ndi msomali, mawu ankatuluka n'kumayendayenda m'nyumba kwa nthawi yaitali asanazime. Ndikadutsitsa nthenga ya nkhuku pang'onopang'ono, kachitiniko kankalira ngati mphepo m'mabulugamu. Ndikakhulitsa sipoko ya njinga, kankabuula. Inalibe mawu oimba, inalibe ng'oma, sinali nyimbo yoti munthu n'kuvina kapena kuitsatira ndi mluzu. Koma ndikatseka maso, nyumba ya chipinda chimodzi ija inkakula, ndipo ine ndinkaiwala kuti ndine mlendo. Mkazi wanga anamvetsera tsiku loyamba, nati zikumveka ngati chigayo cha kutali chomwe lamba wake watsala pang'ono kuduka. Anawonjezera kuti ndisamathe mabatire omvera mauthenga a maliro.

Vuto linali limodzi: sipika ya wailesiyo inali yaing'ono, mawu ake opyapyala. Kuboda ndinali nditaona anyamata a m'malo omwera mowa akuvundikira sipika pakamwa pa mtsuko kuti mawu anenepe. M'nyumba mwathu munali mtsuko waukulu wakuda womwe apongozi anabwereka mwana wawo kuti tizisungiramo madzi akumwa. Kubwereka, osati kupatsa, ndipo galu anauzidwa zimenezi kangapo. Ine ndinakhuthulira madziwo mu ndowa, ndinamasula sipika ku wailesi, ndinaikhazika pakamwa pa mtsukowo n'kuzinga ndi chitenje chakale. Nditakhudza sipuling'i, mawu anachokera pansi penipeni, ndipo ndinawamva m'mimba.

Mkazi wanga anaona madzi ali mu ndowa, anaona mtsuko utavala chitenje, nati, "Inu, mudzatiphetsa."

Mwezi wa Okutobala chaka chachitatucho, nkhoswe yanga, amalume anga a kwa Mlonyeni, anatumiza uthenga kuti agwirizana ndi amalume ake a mkazi wanga zokambirana za chitengwa Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Sabata imeneyo ndinasanduka mngelo. Ndinkadzuka nkhuku zisanatsike, ndinafolera khola la mbuzi la apongozi osatumidwa, ndinawaza nkhuni mulu wofika m'chiuno. Galu sanauzidwe kanthu masiku atatu athunthu, zomwe zinali zisanachitikepo.

Lachinayi apongozi anabwera kuchigayo ndi ufa woyera wodzalandirira alendowo, nauyanika pamphasa zitatu pabwalo. Azimayi ena awiri oyandikana nafe anayanikanso wawo. Kunatentha koopsa tsiku limenelo. Ine ndinabwera kudimba masana, ndinalowa m'nyumba, ndinati ndilizeko pang'ono chabe, motsitsa, kuti mtima ukhale pansi. Mabatire anali atsopano. Ndikunyamula kachitini kaja, kanandipulumuka m'manja n'kugwera pansi.

Zomwe zinatuluka mumtsuko sindinazimvepo. Kunagunda, kugundako n'kugubuduzika, n'kupita kutali, n'kubwereranso. Munthu wanzeru akanazimitsa wailesi pomwepo. Ine ndinakatola n'kukagwetsanso dala kuti ndimve bwino, kenako kachitatu.

Panja panamveka mawu a apongozi: "Mvula! Chizimalupsa! Anulani ufa, anthuni!"

Panali chipwirikiti, mapazi, malichero, azimayi kuitana ana. Ndipo apa ndi pomwe ndimadzidabwa mpaka lero: ine nditamva kuti mvula, ndinakhulupirira. Ndinati uwu ndiye mwayi woti mkamwini aonetse changu, ndipo ndinatuluka chothamanga kukathandiza kuanula, kachitini kadali m'manja, mawaya akukwakwaza m'mbuyo. Ndinapeza apongozi atagwa chagada pafupi ndi nkhokwe, lichero uko, ufa uli mbwee pansi, mbuzi ndi nkhuku zitayamba kale phwando. Mayi wina anali atakweza maso kumwamba, ndipo ena onse anatsatira. Kunalibe ndi kamtambo komwe.

Anthu akuyang'anabe kumwamba, waya unakoka, kachitini kanamenya chitseko, ndipo bingu lachinayi linatuluka pakhomo la nyumba yanga aliyense akumva.

Apongozi anadzuka pang'onopang'ono, ali mbuu kuyambira kumpango mpaka kumapazi. Tinayang'anana maso ndi maso koyamba chikwatirireni. Ndinafuna tchire loti ndipatukire koma pabwalo panalibe tchire. Iwo anayang'ana uku ndi uku kufuna galu woti amuuze, koma galuyo anali atathawa mabingu, ndipo anabwera mawa lake. Posowa womuuza, anangotola lichero n'kulowa m'nyumba mwawo.

Mkazi wanga anaseka mpaka kugwira chipupa, misozi ikutuluka. Atatha anapukuta m'maso nati, "Chitengwa chanu chadyedwa ndi mbuzi." Ine sindinaseke. Ndinali ndi mantha enieni, chifukwa ndinkaona zaka zina zitatu zikubwera, kapena kuuzidwa kuti ndinyamule khasu langa ndibwerere kwathu ndekha.

Lamulungu tinakhala pansi pa mtengo wa mango: amalume anga, amalume ake a mkazi wanga omwe anali mkulu wa mpingo, ine pa kampando kafupi, mkazi wanga pamphasa. Apongozi anakhala chapatali atatifulatira. Atatha mapemphero ndi malonje, mkulu wa mpingo uja anakonza kukhosi.

"Tamva kuti mkamwini wathu amagwetsa mvula ya m'nyumba. Tisanakambe zina, abweretse tione."

Ndinanyamula mtsuko, wailesi ndi kachitini, n'kuzikhazika pakati pa bwalo ngati katundu wogwidwa ndi a kasitomu. Ndinatenga nthenga n'kuyamba kuliza motsitsa, mawu aja a mphepo, kenako obuula, kenako ndinasiya kuti azime okha. Ndinaliza nthawi yaitali ndithu. Akuluakuluwo anamvetsera mwaulemu, zipewa zili pamaondo. Ndinaika nthenga pansi.

"Mwatha?" anafunsa mkulu wa mpingo.

"Eya, ndatha."

"Oo. Ife timayesa mukuchuna."

Amalume anga anaphimba nkhope ndi chipewa. Ndinadziwa kuti akuganiza za mtunda womwe apalasa njinga pachabe. Kenako apongozi analankhula, osatembenuka, akuuza mlongo wawoyo.

"Achimwene, auzeni atenge. Mkazi atenge. Mtsukowo atengenso, ine madzi a mumtsuko woti walankhulapo sindingamwe. Mabingu awo akagundire kwa Mlonyeni, ine ndiziyanika ufa wanga mwamtendere."

Ndinatsala pang'ono kudumpha. Zomwe nkhuni, khola la mbuzi ndi zaka zitatu za ulemu zinalephera, kachitini ka m'katoni kanachita tsiku limodzi. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinathokoza aliyense, ngakhale galu. Pa chisangalalo chonsecho sindinayang'ane nkhope ya mkazi wanga, ndipo sindikumbuka kuti ndinali nditamufunsapo ngati iye ankafuna kuchoka.

Tinasamuka pa ngolo mvula isanayambe. Kwa Mlonyeni ndinakhalanso munthu. Ndinkadya anthu pa bawo n'kuwaseka pamaso, ndinkayenda njira iliyonse osapatuka, ndinkalankhula mpaka mawu kusasa. Mtsuko ndi kachitini ndinazikankhira pakona, ndipo miyezi inatha osazikhudza. Ndinalibe nazo ntchito.

Amayi anga ndi azichemwali anga sanali ankhanza kwa mkazi wanga, ayi. Ankangomuona kasesedwe, kathiridwe ka mchere, kagwadidwe, n'kumakambirana iye akatuluka. Kuchitsime azimayi ankakamba za anthu omwe iye sankawadziwa, ndipo nthabwala zake zinkafuna kufotokozera. Anaphunzira kuyankha kuti "eya, amayi" ndi mawu aang'ono omwe sindinkawadziwa. Ine ndinkaona zonsezi n'kumati mkazi wanga ndi waulemu, wazolowera msanga.

Tsiku lina masana, chimanga chitayamba ngayaye, ndinabwera kubawo msanga chifukwa anzanga anapita kumaliro a kumudzi wina. Ndinapeza amayi ali pakhonde pawo akusenda maungu. Anandikodola.

"Kodi mkazi wakoyu ali bwinobwino? Tsiku lililonse ukangochoka amadzitsekera, ndiye m'nyumbamo mumayamba kulira chinthu."

Ndinayandikira chitseko. Mawuwo anali otsika, aatali, osathamanga, wina ukazima wina n'kuyamba pansi pake. Ndinachita kansanje, chifukwa ine sindinalizepo bwino chotero. Ndinakankha chitseko n'kumupeza atakhala pamphasa, mtsuko uli pakati pa miyendo, kachitini pamwendo, nthenga m'manja. Mabatire ena anali atawandandika pawindo kuti aothe dzuwa. Sanadzidzimuke ndipo sanasiye.

Ndinati ndiseke naye. "Si iwe unkati ndikutha mabatire a mauthenga a maliro?"

Sanaseke. Anadikira mpaka mawu omaliza atazimiratu mumtsuko, kenako anandiyang'ana.

"Kwathu kuja munkaliza kangati pa tsiku?"

Ndinaganiza pang'ono. "Kawiri. Zikavuta, katatu."

"Ine ndafika kasanu," anatero, n'kutolanso nthenga.