Tsiku Limene Ndinagwada mu Holo ya Sukulu

Fungo la utsi wa bulugama sindilikonda mpaka lero. Likangolowa mu wekishopu mwathu ku Malaga, kuno ku Perth, anyamata amadziwa kuti tsiku limenelo asandifunse chinthu kawiri. Chilimwe chimene ndikunenachi, mapiri a kum'mawa kwa Perth ankapsa osaleka. M'mawa mphepo inkatsika kumtunda yotentha ngati ya mu uvuni, n'kumathira phulusa pa zovala zimene amayi ayanika. Dzuwa linkatuluka lofiira. Akhwangwala akuno, amene amabuula ngati munthu wodwala, ankandanda pa waya wa magetsi kuseri kwa nyumba yathu ya lendi, kukamwa kuli yasa. Ine ndinali m'kalasi lomaliza la pulayimale.

Tinabwera kuno pa viza ya amayi, amene anali nesi. Kwathu ku Ntcheu bambo anali mphunzitsi wamkulu, munthu woti akatsokomola pabwalo sukulu yonse inkati zii. Kuno mapepala awo sanawalandire. Ankatsuka mbale m'lesitilanti ina ku Northbridge, n'kumabwera ndi manja otuwa, onunkha sopo ndi adyo. Koma kutchalitchi aliyense ankawaitanabe kuti aHedi.

Sukulu yanga ya boma inkawadwalitsa mutu. Ana tinkakhala pa kapeti. Mayeso akatha panalibe nambala wani kapena wotsiriza, aliyense ankati wachita bwino. Tsiku lina anaona mnzanga akuyankha mphunzitsi manja ali m'thumba. Ndiye itamveka nkhani yoti pa bodi ya sukulu pakufunika kholo limodzi, ndipo makolo adzavota, bambo anapereka dzina tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo nyumba yathu inasanduka kalasi. Ankayeserera zokanena ataima pakhomo la kukhitchini, ine ndi amayi tili omvera. Ndinene pano, chifukwa ena amene analipo amakonda kuiwala: zambiri zimene ankafuna zinali zanzeru. Ankafuna mphunzitsi wapadera wa ana obwera amene Chingerezi chikuwavuta, m'malo mowaponya kumbuyo kuti azijambula maluwa. Ankafuna masamu a pamtima m'mawa uliwonse. Ankafuna kuti mwana wobwera wopanda chakudya adye kusukulu popanda womufunsa mafunso, ndiponso kuti ana azisesa okha makalasi awo. Koma kumapeto kunkabwera mfundo imene ankaikonda kuposa zonse, yoti chikoti chibwerere m'sukulu.

Lamba wawo ine ndinkamudziwa bwino. Sanali munthu womenya ali wokwiya. Ankayamba akufotokozera mlandu wako mofatsa, akukwapula, kenako mupemphere limodzi. Kwa ine zinali ngati mvula, imakunyowetsa n'kuuma.

Amene anayesa kuwaletsa ndi a Tembo, m'bale wa ku Zambia wa kutchalitchi kwathu, amene anakhalitsa kuno. Anali pakhonde, phulusa likugwera m'matambula mwawo.

"Ba Hedi, ija ya chikoti muisiye. Apa si ku Ntcheu. Aba bantu sibaseka na nkhani ya bana."

"Bambo Tembo, mwana ndi mwana kulikonse. Matako sasintha chifukwa chokwera ndege."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwa a Tembo kunathera panjira.

Msonkhano unachitikira mu holo ya sukulu madzulo, dzuwa lisanalowe. Amayi anali pa shifiti, choncho ndinapita ndi bambo. Mafani ankangotembenuza mpweya wotentha womwewo, mipando ya pulasitiki ikumata kumsana. Mayi amene ankapikisana nawo analankhula za mthunzi pabwalo la masewero n'kukhala pansi. Kenako anaimirira bambo, ndi Chingerezi chawo cha m'buku, chosapunthwa pena paliponse. Atanena za chakudya cha ana anthu anaomba m'manja. Atanena za ana obwera, mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo anagwedeza mutu kuvomereza. Ndinamva chifuwa changa chikukula.

Atatchula chikoti anthu anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Bambo anamva ngati akuwakayikira. Ndipo anachita zimene akanachita pa msonkhano wa makolo kwathu, anaitana umboni.

"Limbani!"

Sindinaganize kanthu. Thupi la mwana wa kwathu limadziwa lokha zochita kholo likaitana pagulu. Ndinayenda pakati pa mipando, ndinafika pamapazi pawo, ndinagwada, manja pamodzi, maso pansi. Anaika dzanja pamutu panga. Anauza holo yonse kuti mwana uyu masamu palibe womuposa m'kalasi mwake, sayankha wamkulu mwamwano, ndipo chinsinsi chake ndi lamba amene anavala tsiku lomwelo. Anaonjezera kuti sabata yathayi anali atandikwapula, ndipo taonani, ndili bwinobwino.

Munthu sanasekenso. Ndinkamva mafani okha, ndi mpando wina ukukhwekhwereza kumbuyo. Thabwa la pansi linali lofunda m'maondo. Bambo anatenga chete ameneyo ngati ulemu, ndipo pobwerera ankaimba nyimbo ya m'buku la kutchalitchi ndi likhweru.

Amayi atamva m'mawa mwake anakhala pa mpando chikwama chikadali paphewa. "Bambo a Limbani, mwamugwaditsa pamaso pa azungu?"

Masiku otsatira zinthu zinayamba kufewa mochititsa mantha. Mphunzitsi wanga anayamba kundiyankhula motsitsa mawu. Pa nthawi ya masewero ndinamupeza akundiyang'ana m'miyendo. Mnzanga wa pafupi nafe anati amayi ake amuletsa kubwera kwathu. Kutchalitchi amayi a chigwirizano ankanong'onezana za banja lina la ku West Africa limene analilanda ana, ndipo ndikayandikira ankasintha nkhani. Kenako foni inalira. A boma oona za ana anati abwera kudzacheza nafe. Galimoto iliyonse yoyera ikachepetsa liwiro pamsewu wathu, ndinkasuzumira pawindo. Ndinkadziwa chimene chikubwera, atha kunditenga ndikagone kwa anthu osawadziwa.

M'mawa wa tsikulo amayi anandikhazika pa mpando wa bambo, akadali mu yunifomu. Anandigwira chibwano ndi zala zonunkha mankhwala a kuchipatala.

"Tandiyang'ana. Ayi, m'maso. Akabwera mayiwo usagwade, ukhale pa mpando. Ukayang'ana pansi aganiza kuti ukuopa, ndiye basi wapita."

Moyo wanga wonse anandiphunzitsa kuti kuyang'ana wamkulu m'maso ndi chipongwe. Tsopano mayi yemweyo ankandikakamiza. Maso ankathawa okha, iwo n'kundibweza chibwano, mpaka misozi inatuluka. Zokayankha sanandiuze.

Wa boma uja anabwera masana, kumwamba kuli chikasu ndi utsi. Anali mayi wa mawu ofatsa, wovala masandasi. Bambo anamulandira ndi tiyi, iye n'kuwapempha mwaulemu kuti atuluke pang'ono. Mphunzitsi wamkulu wa ku Ntcheu anatulutsidwa pabalaza pake. Ndinkawaona kudzera pa katani ataima padzuwa pafupi ndi chingwe choyanikira, manja kumbuyo.

Mayiyo anandifunsa za mpira, za anzanga, kenako ngati bambo amandimenya. Ndinamuyang'ana m'maso. Maso ake anali obiriwira. Ndinati amandikwapula ndikalakwa. Anandiona miyendo ndi msana amayi ali pomwepo. Kenako anafunsa ngati ndimaopa kugona m'nyumba imeneyi. Maso anafuna kugwa, ndinawagwira. Ndinati ayi, amene ndikuopa ndi inuyo. Kenako anapempha kuti bambo alowe.

Sananditenge. Koma anawauza bambo kuti lamba asandikhudzenso, ndipo azipita ku maphunziro a kaleredwe ka ana. Ankapita Loweruka lililonse, kukakhala pa mpando wa wophunzira pamaso pa mtsikana wa msinkhu wa ana amene ankawaphunzitsa ku Ntcheu. Dzina lawo pa mndandanda wa opikisana linachotsedwa mavoti asanachitike. Za chakudya cha ana ndi za mphunzitsi wa obwera palibe anazitchulanso, zinatayidwa pamodzi ndi chikoti. Zimenezo zimandipsetsa mtima mpaka pano. Mvula yoyamba itazimitsa mapiri, bambo anali atasiya kundifunsa za homuweki.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ndinawachititsa manyazi, kuti mwina ndinagwada molakwika, kapena ndinayankha zosayenera, n'chifukwa chake anasiya kundiyang'anira. Lero ndili ndi ana anga awiri, ndipo mtima wanga ndi wapachala kuposa wa bambo. Dzanja limanyamuka, ndimalibweza, ndipo sindinama kuti ndimalibweza chifukwa cha ubwino wokha. Sindikuti anachita bwino madzulo aja. Koma ndikudziwa tsopano chifukwa chake anandiitana kutsogolo. Munthu uja anali atatsuka mbale za eni ake zaka zonsezo, ndipo anafuna kuonetsa anthu sukulu yake. Sukulu yokhayo imene inawatsalira ndinali ine.